Tsiku Limene Voliyumu Anasowa

Nzeru yonseyi inabadwira kuseri kwa bala, pa tebulo la miyendo itatu limene Injiniya ankalichirikiza ndi bondo. Dzinali analipeza atakonza wailesi ya mlamu wake. Wailesiyo sinalankhulenso, koma dzina linakhala.

"Amwene, mbava zopusa zimalimbana ndi loko," anatero akugogoda botolo. "Ife tilimbana ndi mtima wa munthu."

Anzake awiri, Sipanala ndi Chigubu, anagwedeza mitu. Sanamvepo kanthu, koma wogula mowa anali Injiniya.

Munthu wake anali Mdala wa Masipika, amene ankabwereketsa masipika ndi jenereta pa maukwati. Katunduyo ankakhala pabalaza, ndipo mdalayo sankachoka pakhomo wamba. Oyandikana naye nawonso maso anali pa geti lake tsiku lonse. Koma mdalayu anali ndi kagalu koyera, Voliyumu, kamene malemu mkazi wake anamusiyira. Ankadya nako, kucheza nako, ndipo kakayetsemula iye ndi amene ankamwa mankhwala.

"Galu akasowa, mdala atuluka," anafotokoza Injiniya. "Mdala akatuluka akulira, msewu wonse umutsatira. Inu mulowa, munyamula. Ine ndikhala m'gulu la ofunafuna, kuwasocheretsa."

"Nanga galuyo timusunga kuti?" anafunsa Chigubu.

"Kwathu, kuchipinda. Mayi akunyumba amaswera ku saluni."

Ponena za mayi akunyumba mawu anatsikako. Mayiwo anali atamuuza kale poyera kuti, "Inu bambo, mukadzagwidwanso, mkazi wina mukamupeze ku polisi komweko." Injiniya ankawaopa kuposa apolisi, komanso ankawakonda, ngakhale izi sankazinena pa mowa.

M'mawa mwake, mayi akunyumba atangopita ku saluni, kuba galu kunali kosavuta mpaka kuchititsa manyazi. Soseji imodzi yokha, Voliyumu analowa yekha m'chikwama.

Pasanapite nthawi msewu unali wakuda bii ndi anthu. Anabwera telala, wometa, amayi ogulitsa masamba, ngakhale mkulu wina amene Voliyumu anamuluma chaka chatha. Mdala anaima pa geti atagwira unyolo wopanda galu, misozi ili chuchuchu. Injiniya anafika ndi nkhope yamaliro, mtima ukuvina.

Chodabwitsa choyamba chinali chakuti mayi akunyumba anali pomwepo. Anali atatseka saluni.

"Galu wa malemu asowe ife tikuluka tsitsi?" anatero. "Mwachita bwino kubwera, bambo. Mwayamba kukhala munthu."

Chodabwitsa chachiwiri chinachokera kwa telala.

"Anthuni, tikuwa bwanji ndi pakamwa masipika alipo?"

Anthu anawomba m'manja. Injiniya akuyang'ana, anyamata analowa m'nyumba n'kutulutsa masipika onse ndi jenereta, n'kuzisanja pa wilibala. Kenako anayang'anayang'ana munthu wamphamvu wodziwa za mawaya.

"Injiniya!" onse anatero pamodzi.

Umu ndi mmene katundu amene ankamulota anafikira m'manja mwake, mwini wake ali pambali kumuthokoza.

Apa munthu wanzeru akanaimbira anzake kuti dilu yafa. Koma Injiniya anaona mwayi. Katundu ali kale pa wilibala, chotsala n'kungokhota pa kona pamene anthu akuyang'ana kwina. Vuto linali lakuti anthu sankayang'ana kwina. Akachedwa ankamudikira, akafulumira ankamuyamikira.

Anadutsa ku msika, ku siteji ya basi, kuseri kwa sukulu. Mdala ankaimba likhweru pa maikolofoni, likhweru lomwe Voliyumu ankalidziwa, koma mano anali ochepa ndipo mpweya unayamba kumuthera. Apa ndi pamene kudzitama kunamugwira Injiniya.

"Madala, mukudzivutitsa. Masiku ano timajambula."

Anatulutsa foni yake, kujambula likhwerulo, kuilumikiza ku masipika n'kuiika pamwamba pa jenereta. Likhweru linalira mpaka agalu a eni ake anayamba kubwera. Anthu anati mutu ngati umenewu ukungowonongeka. Mayi akunyumba anamupukuta thukuta pamaso pa anthu, chinthu chimene anali asanachitepo. Komanso iye mumtima anakondwa kuti wayesa katundu ndipo akugwira bwino ntchito.

Dzuwa lili paliwombo anafika pa mtsetse wopita ku mlatho. Wilibala inayamba kukoka. Injiniya anakanikiza zidendene pansi, mitsempha ili tolotolo. Likhweru linadukiza, foni inayamba kuitana m'masipika onse.

"Mwina ndi munthu wamuona!" anafuula mdala.

"Isiyeni!" anatero Injiniya. "Ndi olakwitsa nambala!"

Panali njira imodzi yokha yopulumukira, kusiya wilibala n'kutsomphola foniyo. Koma akanasiya, masipika akanakathera pansi pa mlatho, ndipo m'mutu mwake masipikawo anali ake kale. Munthu sataya katundu wake. Anagwiritsa.

Mayi akunyumba anatambasula dzanja n'kuyankha.

"Aise Injiniya!" Mawu a Sipanala anamveka mpaka ku msika. "Watipusitsa! Kwa mdala uja talowa, mulibe sipika ngakhale imodzi. Tangotengako ketulo."

Jenereta yokha ndi imene inkalankhula.

"Halo? Ukundimva? Pano tili kwanu. Galu uja wadya nsapato za alamu zija zofiira. Timupatsenso soseji kapena?"

Chigubu anamveka chapatali akuti, "Umuuze kuti ketulo ndi yathu awiri."

Telala anawerama n'kufunsa mwaulemu pa foniyo kuti, "Galuyo ali bwino?"

"Ali bhobho. Ndani ameneyu?"

"Khalani pomwepo, tikubwera ndi masipika."

"Eya, zikatero ndiye zinthu!" anatero Sipanala.

Palibe anamumenya Injiniya, popeza panalibe wina wofuna kukankha wilibala pa chitunda. Anaikankha yekha, anthu atamuzungulira, mpaka pakhomo pake. Sipanala ndi Chigubu anatsegula chitseko akumwetulira, ndipo ketulo inali pamoto.

Voliyumu anatuluka ngati chipolopolo, chidendene chofiira chili kukamwa, n'kudumphira m'manja mwa mdala. Mdalayo anakhala pansi pafumbi n'kulira ngati mwana, akutchula dzina la mkazi wake. Amayi ena analira naye. Wometa anapita kukaitana apolisi, akuyenda mosafulumira kuti asaphonye zambiri.

Injiniya anayang'ana mayi akunyumba. Iwo sanakalipe, ndipo izi ndi zimene zinamuopsa. Anatola nsapato yotsalayo, kuiyang'ana mbali zonse, kenako anapita pa wilibala n'kutenga maikolofoni.

"Anthu akuvutikabe kufunafuna kumsika uko," anatero akumupatsira. "Auzeni kuti galu wapezeka. Munenenso kumene wapezeka."

Injiniya anatsokomola, masipika anatsokomola naye.

"Galu wapezeka," anatero. "Kwathu."

Mayiwo analanda maikolofoni modekha n'kuonetsetsa kuti ikumveka bwino.

"Pepani, alakwitsa," anatero. "Wapezeka kwanga. Awa kwawo akukudziwa."