Tsiku Limene Ndinaimitsa Sikelo ya Masamba

Mpaka lero pali madalaivala ena a malole a tiyi amene akandiona pa Thyolo boma amayamba kuseka ndisanawapatse n'komwe moni. Sindiwakwiyira ayi, zoseketsazo ndinawapatsa ndekha.

Chinali chaka cha 2008, nyengo ya mvula, masamba atachuluka m'minda. Ndinali nditangolembedwa ntchito yoyang'anira makompyuta pa esiteti ina ya tiyi, ndipo ndinali ndikadali pa miyezi yoyesedwa. Kampani inali itagula chibokosi chachikulu chosungira zonse za m'makompyuta athu, za ku ofesi, za ku fakitale, ngakhalenso za ku sikelo komwe amayeza masamba obwera pa malole. Chibokosicho chinali ndi mitu iwiri, wina pamwamba wina pansi, uliwonse ndi mabowo ake olowetsamo zingwe. Nzeru yake ndi yakuti seva, kompyuta yaikulu imene makompyuta onse amadalira, imalumikizidwa ndi zingwe ziwiri, chimodzi ku mutu uwu china ku mutu uwo. Chingwe chikaduka kapena mutu umodzi ukazima, ntchito imalumphira kwinako, kalaliki amene akulemba osadziwa n'komwe kuti kwachitika kanthu.

Ine nkhani imeneyi ndinkaikonda koopsa. (Ndinkaifotokozera ngakhale alonda a pa geti, iwo akungogwedeza mutu mwaulemu.)

Ndiye kampani yomwe inatigulitsa chibokosicho inatumiza pulogalamu yatsopano yoti iikidwe m'mitu iwiriyo. Injiniya wawo, a Mwase, anati adzabwera kuchokera ku Blantyre Lamlungu, sikelo ili yotseka. Ine mtima unakana. Nanga chibokosi chopangidwira kuti ntchito isaime, tichidikirire ntchito iime? Ndinapita kwa manijala wa fakitale, Bambo Nyirenda, munthu wosalankhula zambiri.

"Bwana, a Mwase asavutike ndi ulendo. Ndichita ndekha Lachiwiri m'mawa, anthu akugwira ntchito."

"Lachiwiri kumabwera masamba a alimi a ku Khonjeni," iwo anatero. "Mukudziwa zomwe zimachitika masamba akakhalitsa m'matumba?"

"Amatentha, bwana, n'kufiira. Koma sikelo siima ngakhale mphindi imodzi. Tiyeni ndikuonetseni."

Ndinawatengera m'kachipinda kathu kozizira. Ndinapisa dzanja kuseri kwa seva, n'kuzula chingwe chimodzi iwo akuona. Tinatumiza uthenga ku sikelo kukafunsa, yankho n'kubwera lakuti zonse zikuyenda. Ndinabwezera chija, n'kuzula chinzake. Zonse zikuyendabe. Ndinawayang'ana a Nyirenda ndi nkhope ya munthu amene wangolembedwa ntchito yokhazikika.

"Chabwino," anatero. "Koma mutu ndi wanu."

Lachiwiri ndinavala shati yoyera ndi tayi. (Musandifunse chifukwa chake. Mwina ndinkaganiza kuti kubwera wojambula zithunzi.) Nthawi ya teni koloko, malole atatu ali kale pa mzere, ndinauza chibokosi kuti chiyambe ndi mutu wapamwamba. Mutuwo unazima monga unayenera kuchitira, ine n'kupinda manja kudikira kuti wapansi unyamule ntchito.

Sipanathe mphindi ziwiri, chitseko chinatseguka. Anali Mai Namakhwa, kalaliki wamkulu wa ku sikelo, amene anayamba ntchito pa esitetiyo ine ndisanalowe sitandade wanu.

"Achimwene a makompyuta, chinthu chanu chija chauma."

"Dikirani pang'ono amayi, chikusintha njira."

"Chikusintha njira chikupita kuti? Ine ndili ndi malole panja."

Ndinadikira mphindi zisanu, koma palibe chinasintha. Apa mpamene ndinawonjezera cholakwa chachiwiri. Ndinaganiza kuti seva yangokakamira, ndiye ndinaizimitsa n'kuyatsanso. Itadzuka inandiuza mosabisa kuti sikuona chosungira chilichonse. Tsopano sinalinso sikelo yokha, ofesi yonse inali chete, makalaliki akusuzumira pa mawindo.

Foni ya mu ofesi inali itafa kuyambira pomwe mtengo unagwera mawaya sabata yapitayo. Foni ya m'manja pa esitetipo inkagwira malo amodzi okha, pa chulu cha kumtunda kwa munda wa tiyi, kuseri kwa sikelo. Ndinathamanga, tayi ili pa phewa, kudutsa pamaso pa madalaivala ndi alimi, n'kukwera chulucho, n'kuimbira a Mwase.

"A Mwase, ndayamba ntchito ija, koma zonse zazima."

"Mwayamba ntchito iti, akulu?"

Nditafotokoza, iwo anati, "Choyamba, chibokosicho musachizimitse. Mukachidula pakati mutuwo ufa, ndipo wina ngochokera kunja. Magetsi obiriwira akuyaka pa mutu wapansi?"

Ndinali ndisanayang'ane. Ndinatsika, kuthamanga, kusuzumira, n'kubwereranso pa chulu ndikupuma ngati galu. "Akuyaka!"

"Nanga zingwe ziwirizo zalowa pati? Osati ku seva, kumbuyo kwa chibokosi."

Ulendo wachitatu umenewo. Ndinagwada kuseri kwa chibokosi ndi tochi. Zingwe zonse ziwiri zinali zitalowa mu mutu wapamwamba, moyandikana bwinobwino, zitamangidwa pamodzi mwaukhondo. Mutu wapansi unali wamoyo ndithu, koma wopanda chingwe ndi chimodzi chomwe. Ndipo wozimanga choncho ndinali ine. Sabata yanga yoyamba ndinaona kuti zingwe zikulendewera mosalongosoka, ndiye Loweruka lina ndinazizula zonse n'kuzikonza kuti zizioneka bwino. Chionetsero chomwe ndinawapatsa a Nyirenda chinayenda chifukwa ntchito inkangolumpha kuchoka pa bowo ili kupita pa linzake la mutu womwewo.

Ndinasamutsira chingwe chimodzi ku mutu wapansi, n'kuthamanganso kukafunsa chochita. Pa ulendo umenewu mvula inali itayamba kuwaza. Ndikutsika chulu phazi linaterereka, ndipo ndinayenda chamsana mpaka m'mizere ya tiyi, foni ili m'mwamba kuti isanyowe. Dalaivala wina anakuwa kuti, "Netiweki yagwa!" Mzere wonse unafa ndi phwete, kupatula bambo wina wachikulire amene anali atapisa dzanja m'thumba la masamba ake.

"Bwana," anandiuza nditadzuka, "ayamba kufunda awa. Tathyola kuyambira mbandakucha."

Apo kuseka konse kunandithera tanthauzo. Seva nditaiyatsanso inaona chibokosi, koma inati iyambe yafufuza ngati zolembedwa sizinawonongeke, ndipo zimenezo sizifulumizitsidwa. Nditatuluka ndinapeza Mai Namakhwa atatulutsa sikelo yakale yopachika, ataikoloweka pa mtanda wa shedi, buku la malisiti la kaboni lili pa bondo.

"Makompyuta anu akuchita chiyani pano?"

"Akudzifufuza, amayi. Mwina ola limodzi."

"Ndiye manja anu ali pa ulere. Nyamulani."

Ndinanyamula. Thumba pa mbedza, iwo awerenge, alembe, thumba pansi, lina. Kapitawo wina anandibwereka chiguduli choika pa phewa. Ndinatsimikiza mtima kuti sindikhala pansi mpaka thumba lomaliza litalowa mu fakitale, ndipo sindinakhale, ngakhale msana unkalira. Masamba ambiri anapulumuka. Matumba angapo a pansi pa lole yomaliza anali atafiira, ndipo a Nyirenda analamula kuti alandiridwe monga abwino, popeza wolakwa sanali mlimi. Ananena zimenezi akundiyang'ana ine.

Madzulo ake ndinalowa mu ofesi mwawo ndili matope okhaokha. Ndinavomera zonse, za zingwe ndi za seva, kenaka n'kupempha chinthu chomwe munthu wanzeru sakanapempha: kuti mutu wapansi, umene unali usanalandire pulogalamu ija, ndiuchitenso mkati mwa sabata, anthu akugwira ntchito.

"Inu simumva eti?"

"Chibokosicho sichinalakwe, bwana. Ndikufuna muone chikugwira."

Pamapeto pake anati ndichite, koma a Mwase ataima pambali panga.

Lachinayi la sabata yotsatira tinalondola chingwe chilichonse ndi chala kuchokera ku seva mpaka pa bowo lake, n'kumata kapepala. Tinazimitsa mutu wapamwamba mwadala, wapansi unanyamula. Tinaika pulogalamu mu wapansi, wapamwamba unanyamula. Seva sinaphethire n'komwe. A Mwase anandigwira chanza, ine n'kuthamangira ku sikelo kuti ndikamve umboni kwa mwini wake.

"Amayi, mwaona chilichonse chachilendo pa kompyuta m'mawa uno?"

Mai Namakhwa sanadzutse n'komwe mutu pa buku lawo. "Ndinaizimitsa kale ine. Nditangomva kuti lero mugwiranso zinthu zanu zija, ndinati ndiyambiretu."

Kenaka anandipatsa mapepala a m'mawa wonsewo kuti ndikawalowetse mu kompyuta ndekha, popeza ndine ndinkaikhulupirira. Ndinaphunzira kuti zinthu zikakanika aliyense amakhalapo, koma zikayenda mboni imakhala a Mwase okha, amene anali akufunsa kale njira ya ku kantini.