Ndinakwecha Mfuti ya Amuna Anga

Kwathu ku Nkhulambe kuli anthu amene dzina langa analiiwala. Amangoti "mayi uja wa mfuti," ndipo wina amayamba kuseka nkhani isanayambe n'komwe. Ndaona kuti ndi bwino ndiifotokoze ndekha, chifukwa kumjigo amaithira mchere wambiri, mpaka ena amati mfutiyo ndinaiphika. Sindinaiphike ayi. Koma zimene ndinaichita sizikusiyana kwenikweni ndi kuiphika.

Chinali chaka chimene boma linkagawa timatumba taulere tija ta mbewu ndi feteleza, sitata paki. Munda wathu uli m'tsinde mwa phiri, ndi umene anandisiyira mayi anga, ndipo chaka chimenecho chimanga chinabereka ana awiriawiri koyamba chikwatiwire. Anyani nawo uthenga anaumva. Ankatsika m'mawa mwadongosolo ngati anthu aganyu, kutsogolo kuli chimphongo china chimene tinachitcha Kapitawo, chifukwa icho sichinkathyola chokha. Chinkakhala pachulu n'kumayang'anira anzake akugwira ntchito.

Amuna anga, abambo ake Dalitso, anali ndi mfuti. Inali ya malemu malume awo amene ankagwira ulonda kuminda ya tiyi, ndipo chiphaso chake ankakalipira kupolisi chaka ndi chaka ngakhale m'nyumba mulibe sopo. Inali ija yotsekula ngati loko wa chitseko: ukweze kachitsulo kam'mbali, ukokere m'mbuyo, ulowetse chipolopolo, ukankhe. Mukudziwa kuti mkamwini sakhala ndi zambiri pamudzi pa eni ake. Munda ndi wa mkazi, ana ndi a mkazi, ngakhale mtengo wa mango umene wadzala yekha ndi wa mkazi. Iwo chawochawo chinali mfutiyo, ndipo nguluwe zikavuta kwa wina aliyense ankabwera kudzagwada pakhomo pathu.

Ndiye chaka cha chimanga chabwinocho mfuti inayamba kuphonya. Ankapita kumunda, ine ndili pakhomo ndi mwana, ndimve phuu, kenako abwere nkhope ili pansi. Lero ati ikukokera kumanzere. Mawa ati ikukokera kumanja. Anyani anafika pozolowera, moti akamva kulira kwa mfuti ankangosuntha mzere umodzi n'kupitiriza kudya. Zipolopolo zinkagulidwa ku Limbe, ndipo chilichonse chikaphonya ine ndinkaona ngati nkhuku yathu yauluka osabwerera. Kunali munthu wodziwa kukonza mfuti kutauni komweko, koma ulendo ndi malipiro ake zinkafuna mbuzi, ndipo ife mbuzi tinali nayo ya m'maloto.

Tinayamba ndi zotchipa. Anapita nayo kwa a Namaona okonza njinga pamsika (munthu woti ukamupatsa chilichonse chachitsulo sanena kuti sindidziwa). A Namaona anamanga masikuluwu onse, nanena kuti mpope wa mfuti ukugwedera pathabwa lake, n'kuukulunga ndi mphira wa tchubu. Tinawalipira makaka, chinangwa chouma chija. M'mawa mwake mfuti inaphonya monga mwa masiku onse, kungoti tsopano inkanunkha tayala lopsa.

Apa m'pamene anatulukira alamu anga a Felesiya, mlongo wawo wa abambo ake Dalitso, kuchokera ku Jenala panjinga ya amuna awo. Anati abwera kudzaona mwana. Mwanayo anamuona pang'ono, koma nkhani ya mfuti anaimvetsera mpaka pamapeto. Tikudya nyemba za kalongonda pakhonde, anapukuta m'manja n'kuyang'ana achimwene awo, ine ngati palibepo.

"Achimwene, mfuti ya malume sinaphonyepo. Mfuti ikayamba kuphonya sayang'ana chitsulo ayi. Amayang'ana mkazi amene watsala kunyumba."

Kwa amene simukudziwa, akuluakulu kuno amati mlenje akamaphonya ndiye kuti mkazi wake akuyenda ndi mwamuna wina. Ine nthawi imeneyo Dalitso anali asanayambe n'kukwawa komwe. Maulendo anga anali kumjigo, kusikelo ndi kutchalitchi, mwana ali kumsana konseko (chibwenzicho kaya ndikanachiika pati, mwina pamutu pamodzi ndi ndowa). Ndinadikira kuti amuna anga ayankhe. Iwo anangoti zyolii, n'kumatola makoko pansi. Kukhala chete kumeneko kunandiwawa kuposa mawu a alamu.

A Felesiya anagamula okha kuti Loweruka ankhoswe a mbali zonse abwere kumunda, achimwene awo akawombere anthu akuona. Ikakaphonya, nkhani ikhale pansi, ndipo iwo sabwerera okha ku Jenala, atenga achimwene awo. Ndinaona banja langa likulendewera pa kachitsulo kakale koti sindinakagwirepo.

Ine si munthu wa mkangano. Chinthu chikavuta ndimachigwira ndi manja. Lachinayi amuna anga anapita kumaliro kutsidya, alamu anawatsatira, ndipo ndinatsala ndekha ndi mwana. Ndinatsitsa mfuti kudenga kumene ankaibisa. Zipolopolo ankasunga padera m'chitini chokhoma, ndiye mantha ndinalibe. Nditatuluka nayo padzuwa ndinagwira pakamwa. Chitsulo chonse chinali bii, ngati mphika wa mbeta yaulesi. Ndinasuzumira mumpope, namonso munali mdima ndi timizere tokhotakhota. Ndinadzifunsa kuti chipolopolo chingayende bwanji mowongoka m'njira yauve chonchi? Ndinamva chisoni kuti amuna, ndi nzeru zawo zonse, amanga masikuluwu, akulunga mphira, koma palibe anaganiza zotsuka.

Ndinagoneka mwana pamthunzi. Ndinatenga mchenga wa kumtsinje uja timakwechera mapoto, phulusa, chitsononkho ndi madzi. Ndinakhala pansi, mfuti pamiyendo, n'kuyamba.

Mwayewo unali wamakani, koma ine ndine wamakani kuposa mwaye. Dzuwa lisanafike pamutu, chitsulo chinayamba kuoneka choyera, ndipo mtima wanga unayera nacho. Ndinkaimba ndithu. Kunja kutatha ndinalowa m'kati: kansanza pa sipoko ya njinga, kuviika mumchenga wonyowa, kulowetsa kukamwa kwa mpope, kupukusa ngati ndikupukusa thobwa. Timizere tija sitinkachoka, ndiye ndinalimbikira kwambiri pakamwa pomwepo pamene dzanja linkafika bwino.

Kumapeto kwa mpope kuli kachitsulo kakang'ono koimirira, kamene woombera amayang'anirapo. Kameneka kankangokola nsanza yanga, ndipo nditakayang'anitsitsa ndinaona ngati kapendekeka. Ndinati eya, wopalamula ndi ameneyu. Ndinakagogoda ndi mwala pang'ono. Sikanasunthe. Ndinawonjezera. Kanathawa pamalo pake n'kugwera mumchenga, ndipo ndinakafufuza chokwawa, mwana akulira, nkhuku zikundithandiza. Nditakapeza sindinadziwe kuti kutsogolo n'kuti, ndiye ndinangokabwezera mmene kanalolera n'kukamata ndi phula. Pomaliza ndinadzoza mfuti yonse mafuta ophikira (otsiriza m'botolo, ndiwo za tsikulo tinadya zongowiritsa) n'kuiimika pakhoma kuti eni ake akamalowa aione.

Anaiona. Anaima pakhomo nthawi yaitali, chipewa chili m'manja ngati akadali kumaliro.

"Amake Dalitso, kuda kuja kwapita kuti?"

Ndinawauza monyadira kuti mwaye wonse ndachotsa. Anakhala pansi pang'onopang'ono. Anandifotokozera, ndi mawu otsika ngati akulankhula ndi wodwala, kuti sunali mwaye. Kuda kuja amachita kuikira komwe amapanga mfuti, kuti isachite dzimbiri. Timizere ta m'kati nato si litsiro, ndi timene timaongola chipolopolo. Sanandikalipire. Ndikanakonda akanandikalipira. A Felesiya anangoti mkazi wosalakwa sathamangira kufufuta zizindikiro.

Pofika Loweruka, ndi chinyezi cha dzinja, mfuti inali itayamba mawanga ofiira, ndipo nyerere zinali zitaipeza chifukwa cha mafuta aja. Tinapita kumunda m'mawa: ife awiri, alamu, nkhoswe ya kuchimuna, ndi malume anga amene ndi nkhoswe yanga. A Felesiya anabwera panjinga yawo n'kuitsamiritsa pamtengo wa mango, kutali cha kumbali, kumene munthu wanzeru aliyense akanati n'kotetezeka. Popeza woimbidwa mlandu ndinali ine, anandiuza kuti ndiime kumbuyo kwenikweni kwa amuna anga. Aka kanali koyamba kuwaona akuchalira ndili pafupi.

Kapitawo anali pachulu pake, chimanga m'manja, akudzikanda. Amuna anga anagwada, nakoka kachitsulo kam'mbali kaja, nalowetsa chipolopolo, natsinzina diso lakumanzere. Ndinatsatira mpope ndi maso anga. Sunaloze pachulu. Unaloza chitsa chopsa chimene chili cha kumanzere kwa chulucho, chitsa choti ndinachitentha ndekha polima. Kenako ndinawamva akunong'ona okha:

"Lero wakhala phee."

Ndisanatsegule pakamwa mfuti inalira. Kachitsulo kanga ka phula kanauluka, sitinakaonenso mpaka lero. Chitsa sichinakhudzidwe. Kapitawo anatsika pachulu mosafulumira. Ndiye kumtengo wa mango kunamveka phwii, njinga ya alamu n'kugona pansi ngati mbuzi yozingidwa. Chipolopolo chinaboola tayala lam'mbuyo ndi limu yomwe.

A Felesiya anayamba kufuula kuti mwaona, mwaona. Koma nkhoswe ya kuchimuna inali itatenga mfuti ija n'kumaitembenuza, ikuona kuyera kwake, dzimbiri, nyerere ndi phula. Inafunsa kuti wachita izi ndani. Ndinavomera, n'kufotokoza zonse, kuyambira mchenga mpaka mwala. Malume anga anayesa kudzigwira, mapewa akugwedezeka, mpaka anakhala pansi pamzere.

"Akuluakulu, apa mlandu wa chigololo palibe. Uwu ndi mlandu wa ukhondo," anatero malume.

Onse anagwirizana kuti mfuti yotere ngakhale mkazi wako atakhala sisitere singalase kanthu, ndiponso kuti mkazi wa chibwenzi sataya tsiku lathunthu akukwecha chitsulo cha mwamuna wake. Funso loti nanga isanakwechedwe inkaphonyeranji palibe analikumbuka, chifukwa cha kuseka. Ine ndinalikumbuka, yankho lake ndinali nalo, koma ndinayang'ana amuna anga atagwada pomwepo ndipo ndinatseka pakamwa. Ndinasankha kukhala chitsiru cha mudzi. Banja linapulumuka choncho.

Alamu sanathe kubwerera kwawo mpaka njinga itakonzedwa, ndipo limu inatenga nthawi kuti ipezeke. Mondokwa amene anadya iwo masabata amenewo, Kapitawo akanachita manyazi.

Atachoka, tsiku lina masana tikulondera munda awiriwiri, ndinawapempha amuna anga kuti atseke diso lakumanzere ndi dzanja. Ndinaima patsogolo pawo pang'ono, n'kuwafunsa kuti mwana ali kumsana kapena kutsogolo.

"Ndikungoona utsi," anatero.

Anati zinayamba nyengo yozizira yapitayo. Ankaganiza kuti zitha zokha. Ndinawafunsa chifukwa chake anandisiya ndikunenedwa zauhule pakhonde langa lomwe, iwo akudziwa. Anati mkamwini wosaona ndi wa ntchito yanji pamudzi pa eni ake, ndipo mlongo wawo atayamba kulankhula, mawu anawakanika kutuluka. Ndinakwiya masiku angapo, osawayankhula kupatula za mwana. Koma pokwiyapo ndinkadziwanso kuti ine ndinagona nawo mphasa imodzi miyezi yonseyo, ndikuwaona akuphonya kapu pofuna kuitenga, osafunsa kanthu. Ndinathamangira mchenga.

Kuchipatala cha mishoni anati ndi ng'ala, ndipo madokotala a maso atabwera anawachita opaleshoni osalipira. Anachira bwinobwino. Chaka chotsatira tinagulitsa nandolo, iwo n'kunyamula mfuti ulendo wa ku Limbe kwa wokonza uja, ali ndi chiyembekezo ngati mwana wopita kukagula nsapato. Munthuyo akuti anasuzumira mumpope kamodzi kokha, n'kufunsa ngati inagwera mumtsinje. Anati pakamwa pake padyeka, timizere tatha, ndipo kuikonza n'chimodzimodzi kugula ina. Anawonjezera kuti zisanachitike zimenezo iyenera kuti inali mfuti yabwino kwambiri. Mawu amenewo amuna anga sanafune kundiuza, ndinachita kuwakakamiza.

Choncho diso linapenya, mfuti n'kukhala yakhungu. Anakaipereka kupolisi, ndipo pobwera anadutsa njira yakuseri kuti anthu asawaone ali chimanjamanja. Nguluwe zikavuta masiku ano anthu amapita kwina. Chimanga cha chaka chija tinakolola theka, ndipo kuyambira pamenepo anyani timawathamangitsa ndi chitini ndi kukhosi, ine mbali iyi iwo mbali iyo. Sananditonzepo ngakhale kamodzi, ndipo zimenezo ndi zimene zimandipweteka ndikawaona akuimba chitini ngati mwana, munthu amene ankagwadiridwa.

Ndimadziuza kuti ndinaphunzira: chinthu chikavuta m'nyumba, yamba wafunsa munthu usanagwire chitsulo. Koma sabata yatha wailesi yathu inayamba kukhosomola, ndipo ndinangoitembenuza kuti ndione kumbuyo kwake (munali fumbi ndithu, ndikunena zoona). Abambo ake Dalitso anainyamula, naikolekera paphewa, n'kupita nayo kumunda. Mpaka pano akugona nayo kumutu.