Tsiku Limene Ndinawachotsera Bambo Zaka Makumi Atatu

Pali kachipatala kena ka pulayiveti m'tauni muno kamene mpaka lero sindikayang'ana. Minibasi ikamadutsa pa geti pake ndimawerama, kunamizira kumanga chingwe cha nsapato, ngakhale nditavala patapata.

Bambo anga anagwira ntchito yomasulira m'khoti zaka zambiri, ndipo anapuma matipate atangoyamba kumene. Ankakhala ku Area 25, ine ku Kawale. Analinso mkulu wa mpingo. Ndiye tangoganizani, munthu woti moyo wake wonse wakhala akumva mabodza a anthu m'zilankhulo zitatu, ine n'kusankha kunamiza iyeyo.

Kuntchito kwathu kunabwera sikimu ya zachipatala ya mitundu iwiri. Yoyamba inali ya iwe mwini, mkazi ndi ana. Yachiwiri inkawonjezera makolo opuma ntchito, koma ankadula kochulukirapo pa malipiro. Mafomu onse awiri ndinapita nawo kwa Bambo (kukadzionetsera chabe, tisanamizane). Anavala magalasi n'kuwerenga mpaka timalemba ta pansi tija.

"Utenge yachiwiriyi," anatero. "Kapenshoni kangaka sikangalimbane ndi BP."

"Musadandaule Bambo, zimenezo ndiye zatha kale," ndinayankha, chifuwa chili patsogolo.

Lolemba lake ndinasaina yoyamba. Pawindo la sitolo ina panali wailesi ya makaseti awiri imene inkandiyang'ana tsiku lililonse. Ndinadziuza kuti Bambo ndiwalembetsa mwezi wamawa, ndipo mwezi wamawawo unabereka unzake, unzakewo unzakenso.

Patapita miyezi isanu ndi itatu, anandiimbira foni kuofesi kuti miyendo yawatupa. Ndinawauza kuti ntchito yachuluka, adikire kaye. Ndinazemba sabata imodzi, n'kuzembanso yachiwiri, kuganiza kuti mwina iphwa yokha. Siinaphwe. Apa m'pamene ndinapeza nzeru (ndinkaitcha nzeru masiku amenewo). Makhadi a sikimu analibe chithunzi, ndipo dzina la kumapeto ndi limodzi. Bwanji osangowapatsa langa?

Ndinakawatenga m'mawa. Nsapato zinali zitakana kulowa, moti anavala jekete ndi tayi, kumapazi masilipasi a Amayi. Mu minibasi ndinayamba kuwaphunzitsa.

"Akakaitana dzina langa, mukaimirire ndinu."

"Chifukwa chiyani?"

"Ndi makompyuta awa, Bambo. Amalemba banja lonse pa dzina limodzi."

Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi, koma poti iwo ankawapatsa ulemu makompyuta, anangovomera.

Tinafika, ndinapereka khadi kwa mayi wa pakauntala, tinakhala pabenchi. Mayiyo anaitana dzina langa kamodzi, kawiri. Bambo ali phee, akuwerenga nyuzi. Ndinawagunda ndi chigongono, n'kuwaperekeza pakauntala.

"Khadili ndi lanu, agogo?" anafunsa mayiyo.

"Eya, ndi lawo," ndinalumphira ine.

"Ndafunsa iwowa. Muli ndi zaka zingati, agogo?"

"Sikisite-thu," anatero Bambo, momveka ngati ali m'khoti.

Mayi uja anayang'ana m'failo, kenako imvi za Bambo, kenako m'failo muja. "Koma muno mwalembedwa sate-thu."

Apa munthu wanzeru akanagwada n'kupepesa. Ine ayi. Pakamwa panga panatseguka pokha.

"Ndi matendawa, sisitala. Amakalambitsa munthu msanga."

Pabenchi wina anaseka mpaka kutsamwa. Mayi wina wobereka mwana anati, "Ee, koma ndiye awakalambitsadi!" Ine ndinkalakalaka nthaka itang'ambika.

Bambo sanaseke. Anatenga khadi lija, n'kulitembenuza uku ndi uku, n'kundifunsa motsitsa mawu, "Dzina langa lilimo m'sikimu imeneyi?"

"Ndimati ndikulembetseni, Bambo, kungoti..."

"Ndafunsa funso lofuna eya kapena ayi."

"Ayi."

Anavula chipewa n'kutembenukira kwa mayi wa pakauntala. "Pepani mayi, takutayitsani nthawi. Mwanayu ndi wangadi, koma bodzali ndi lake." Anandibwezera khadi ndi manja awiri, ngati akupereka kwa mlendo, n'kuyamba kutuluka pang'onopang'ono, masilipasi akukhwekhwereza.

Ndinawathamangira panja. Ndinati tibwerere, ndilipira ndekha. Anati pakhomo pamene munthu wachititsidwapo manyazi sabwererapo tsiku lomwelo. Tinakwera minibasi ina kupita kuchipatala cha boma, kumene tinapeza mzere utafika pa mtengo wa panja. Tinakhala pamenepo mpaka dzuwa kupendeka. Ndinawagulira nthochi, anazipereka kwa munthu amene anakhala naye pafupi.

Titayandikira pakhomo la dokotala m'pamene analankhula, maso ali pa mapazi awo.

"Kusowa ndalama si mlandu, mwana wanga. Ukanangondiuza kuti sunathe, ndikanabwera kuno ndekha masabata awiri apitawo, miyendo isanafike apa. Ndimadikira iwe."

Ndinachita manyazi amene sindinawachitepo chibadwire. Kukalipiridwa kukanakhala bwino, ngakhale mbama ndikanailandira.

Anawagoneka masiku anayi, miyendo inaphwa, anatuluka. Mwezi womwewo ndinakasintha sikimu, ndipo kalaliki atafunsa zaka za Bambo ndinayankha mokweza mpaka ofesi yonse inacheuka. Khadi lawo litabwera, sanalikhulupirire. Anakwera minibasi okha kukafunsa kuofesi ya sikimu ngati linali lenileni.

Nkhaniyi sanaitchulenso, kwa ine kapena kwa Amayi. Anandikhululukira, poti mkulu wa mpingo angatani. Kungoti kuyambira pamenepo, ndikafika kwawo nditanyowa n'kunena kuti kunja kukugwa mvula, Bambo ankadzuka pampando n'kupita kukasuzumira pawindo.