Ndondocha Yovala Tayi

Nkhani ya ndondocha yolankhula chizungu ndinaimva koyamba pa Zalewa, madzulo ena, ndikudikira galimoto. Ankaikamba bambo wina wootcha chimanga, anthu atamuzungulira. Chimene sankadziwa n'chakuti ndondochayo inali itakhala pa benchi lake lomwelo, ikukukuta chimanga chake. Ndi nkhani yochititsa manyazi, koma poti ena akudyerapo kale, bola ndiinene ndekha mmene inayendera.

Ine kwathu ndi ku Nsambe, kumtunda kwa Neno, kumene nkhungu imagona m'minda ya mbatatesi mpaka dzuwa litakwera. Sukulu ndinalekeza panjira. Chizungu ndinachitola pa wailesi, m'manyuzipepala okulungira usipa, ndi m'malole amene ndinkayenda nawo ngati wothandiza dalaivala. Miyendo yanga siidziwa kukhala. Inandifikitsa ku Tete, ku Mozambique, nthawi imene aliyense ankafuna chizungu kuti alembedwe ntchito ku migodi ya malasha. Ndinagula tayi ndi chikwama, n'kuyamba kuyenda khomo ndi khomo. Ticha Filipo, wophunzitsa chizungu.

Ntchito imeneyi ili ndi msampha wake. Ukanena kuti ndiwe Mmalawi amakuona ngati wa kuseri kwa phiri, mtengo n'kuudula pakati. Ophunziranso akangodziwa kuti umamva chinenero chawo, chizungu chimathera pa "good morning", kotsalako ndi macheza. Ndiye ine ndinasanduka wa ku Kenya. Chichewa sindimva, Chinyungwe sindimva. English only.

Bodzali linandipezera khomo labwino kwa bwana Domingo, mwini malole, amene ankafuna kuti mwana wake akaphunzire ku Joni. Anandipatsa chipinda kuseri, chakudya, ndi malipiro osachedwa. Kwa munthu wozolowera kugona m'madepoti, kumeneko kunali kufika. Akazi awo, mayi Rozina, ankalankhula Chichewa chenicheni ndi wantchito wawo, ndipo ine ndinkayesa ndi a ku Angonia, ku Mozambique komweko. Ankandinena ndili pomwepo.

"Taona Mkenya uja. Mpunga akuuthira ngati akukwirira dzenje."

Ine kumwetulira. "Thank you, madam."

"Nsapato zomwezi chifikireni. Kaya kwawoko kuli amake omudandaula."

Pamenepo ndinaleka kudya. Amayi anga anamwalira ine ndili m'misewu, uthenga n'kundipeza manda atamera kale udzu. Chichitikireni zimenezo kwathu ndinali ndisanapondeko, chifukwa cha manyazi.

Tsiku lina kunabwera foni yoti amayi awo a mayi Rozina amwalira ku Malawi. Bwana anati mayeso a mnyamata ayandikira, maphunziro asaime, aphunzitsi apite nawo akaoneko dziko la eni. Ndinayesa kudwala m'mimba. Anandigulira mankhwala. Pa boda ndinathamangira ndekha pa windo, pasipoti nditaiphimba ndi chikhatho. Mumtima ndinkati Malawi ndi wamkulu.

Galimoto itasiya tala n'kuyamba kukwera mapiri, Malawi anayamba kuchepa. Tinadutsa pa Neno Boma. Mtengo uliwonse ndinkaudziwa. "Beautiful country," ndinatero, thukuta lili chuchuchu. Tinakaima m'mudzi woyandikana ndi wathu, kutsidya kwa kamtsinje kamene ndinkasambamo ndili mwana.

Maliro a kwathu sasankha mudzi, aliyense womva amabwera. Abambo anali pansi pa mitengo, amayi pakhonde akuimba nyimbo zija zimene zimakukumbutsa onse amene unawaika. Ine anandipatsa mpando wa pulasitiki pafupi ndi bwana, monga mlendo wochokera kutali. Ndinavala magalasi akuda. Mphunzitsi wina wa pulayimale anadzipereka kundimasulira mwambo, n'kumandifotokozera m'chizungu kuti adzukulu ndi anthu okumba manda. Ine n'kumagwedeza mutu modabwa, chonsecho theka la adzukuluwo ndinkakumba nawo mbewa.

Itakwana nthawi ya chakudya, amene anabweretsa madzi osamba m'manja anali mayi anga aang'ono, aNangozo, mng'ono wawo wa malemu amayi. Anagwada n'kuyamba kuthira. Kenako madzi analeka kutsika. Maso awo anali pa chipsera cha padzanja langa. Ndinadzitema ndi chikwakwa ndili mwana, ndipo amene anang'amba chitenje chawo n'kumanga balalo anali iwo omwewo.

"Filipo?" ananong'ona. "Ndiwe Filipo wa achemwali?"

Kumanja kwanga kunali bwana, chipinda changa ndi mpunga. Kutsogolo kwanga kunali mayi amene anandiberekapo kumbuyo. Ndinasankha mpunga.

"Sorry, mama. I don't understand."

Sanakuwe. Anaika jagi pansi bwinobwino n'kubwerera kwa amayi anzawo. Ndinaona mitu ikuyandikana, nyimbo n'kuyamba kuzilala. Posakhalitsa anatulukira malume anga akutsamira ndodo. Anandivula magalasi ndi dzanja lawo n'kundiyang'ana nthawi yaitali.

"Ndi yemweyu. Iwe, ine ndine yani?"

 Maso ndinangowalozetsa kutsogolo, osaphethira, kuti misozi isagwe. Sindinadziwe kuti ndikuwonjezera umboni.

"Mwawaona masowo?" anatero wina kumbuyo. "Mulibe munthu mmenemo."

"Anasowa zaka zonsezi, maliro a amake osabwera. Lero akutulukira m'galimoto ya munthu wachuma, chinenero cha makolo atamuchotsa."

"Malole aja akuyendera mwana wathu, eti?"

Amene anayamba kutchula ndondocha sindinamuone, koma mawuwo anazungulira bwalo lonse. Kunamveka kuti bwana anandipusitsa ndi mankhwala, n'kundipinda lilime, kuti ndizimukokera chuma. Adzukulu anabwera kuchokera kumanda makasu ali m'manja, n'kunena kuti dzenje salimaliza mpaka nkhaniyi imveke mutu wake.

Bwana Domingo, amene Chichewa ankachimva mwapatalipatali, anaimirira kuti adziyeretse. Anafotokoza moona mtima, munthu wosalakwa. Anati munthuyu amamusunga kuseri kwa nyumba. Anati amamudyetsa bwino, ndipo satulukatuluka. Anawonjeza kuti chibwerere iye, zinthu pakhomo zikuyenda.

Mayi aang'ono anadzigwetsa pansi n'kuyamba kulira maliro achiwiri, anga. Mayi Rozina, amayi awo ali chigonere m'bokosi osaikidwa, anagwira malume miyendo.

"Bambo, ameneyu ndi Mkenya, samva kanthu. Ine ndimamunena tsiku ndi tsiku."

Adzukulu anali atazungulira galimoto. Mmodzi anawerama n'kutola mwala. Ndinadzuka pampando uja n'kugwada pafumbi.

"Malume, pepani. Ndine Filipo. Lilime ndili nalo. Bwanawa sanandichite kanthu, ndinawanamiza ndine kuti ndipeze ntchito."

 Woyamba kulankhula anali mayi Rozina.

"Ndiye za mpunga zija munkamva?"

"Ndinkamva, mayi."

"Za nsapato?"

"Zonse, mayi. Ndi za alamu anu zomwe."

Bwana anatembenuka n'kuyang'ana akazi awo. Malume anausa moyo.

"Mwana wa mlongo wanga, bola ukanakhala ndondocha. Tikanati si dala." Analanda khasu kwa mdzukulu mmodzi n'kundipatsa. "Wachedwetsa maliro a eni. Kamalize dzenje."

Ndinakumba tayi ili m'khosi. Gogo uja tinamuika dzuwa litapendeka. Galimoto inabwerera ku Tete mpando wanga uli wopanda munthu, chikwama changa atachisiya pa chitsa. M'mawa mwake mayi aang'ono ananditsogolera ku manda a amayi.  Titafika analoza mtumbira, n'kundifunsa motsitsa mawu ngati ndilankhule nawo ndekha kapena akaitane womasulira uja.

Wootcha chimanga wa pa Zalewa anaimaliza mwanjira ina. Kwa iye ndondochayo inachira abusa ataipempherera, lilime n'kuwongoka pomwepo anthu akuona. Omvera anapukusa mitu, mayi wina n'kunena kuti anthu achuma ndi oopsa. Kenako bamboyo anatembenukira kwa ine.

"Inu achimwene mukuoneka oyendayenda. Zoterezi munazionapo?"

"Ndinangomvako," ndinatero, m'Chichewa chomveka bwino kuti pasakhale wokayika.

Ndinataya chitsononkho, ndinakoleka chikwama paphewa, n'kudzuka macheza akadali mkati. Ukabisa lilime kuti udye mpunga, akwanu amakulira ukadali moyo.