Bodza la a Netiweki ndi anapiye awo

Malemu a Netiweki ankadziwika ndi kuyenda dzanja lili m'mwamba ngati munthu wolumbira kukhoti. M'dzanjamo munkakhala kawailesi ka choyezera kutentha. Choyezeracho anachipachika m'khola la anapiye kuseri kwa nyumba, ndipo ntchito yake inali kutumiza nambala yosonyeza ngati anapiye akuzizidwa kapena akupsa. Koma nambalayo sinkafika. Pakagalasi pankangooneka timizere tiwiri basi.

Amene anaziona ndi akazi awo. Poyamba bambowo anati vuto ndi mapoto, chitsulo chimameza netiweki, ndiye mapoto onse anasamukira pakhonde. Kenako mlandu unagwera firiji. Kenako anadula waya woyanikira, zovala zili pomwepo. Mlamu wawo, munthu wathupi ndithu, analetsedwa kuima pakati pa nyumba ndi khola.

"Ine ndalakwanji, alamu?"

"Simunalakwe, koma mwakula m'mbali. Netiweki ikulephera kukulambalalani."

Pomaliza analengeza kuti apeza malo amodzi okha pomwe kawailesi kamagwira: pabenchi ya ometa tsitsi, kumapeto kwa msewu. Akuti netiweki imayamba yakwera m'mwamba kenako n'kukagwera patali. M'mawa uliwonse ankanyamuka kuti akukayang'anira anapiye, mayi n'kutsala m'kholamo, kukweza ndi kutsitsa nyale yotenthetsera, thukuta lili kamukamu, fungo la zitosi litakanirira m'zovala. Madzulo bambo ankabwera akudandaula phewa. Mayi ankawamvera chisoni mpaka kuwathowa ndi madzi otentha.

Maliro atatha, mayi anakwera pampando kuti apukute fumbi pa choyezera chija. Atatsegula kumbuyo kwake anapeza mulibe batire ndi limodzi lomwe, muli kangaude ndi banja lake. Anachotsa mabatire a mutochi n'kuikamo. Kawailesi kanagwira pompo. Kanagwira kuchipinda, kanagwira pamwamba pa firiji, kanagwiranso pakati pa mapoto.

Anapita kwa ometa mtima ukuwira. Ometawo anayamba kutsuka lumo lotsukatsuka kale, maso ali pansi. Anavomera kuti pabenchipo kawailesi sikanagwirepo ngakhale kamodzi. Malemu ankangokaika pambali n'kuyamba nkhani, ndipo wina akafunsa za anapiye ankayang'ana kagalasiko mwaulemu n'kutchula nambala ya m'mutu, anthu n'kufa nacho chiseko.

"Ndiye kuti nonsenu mumadziwa?"

"Mayi, msewu wonse umadziwa. Ife timayesa inunso mukudziwa."

Mawu amenewo anawawa kuposa bodza lenilenilo. Zaka zonsezo iwo ankaphikika m'khola ndi kuteteza amuna awo kwa abale kuti ndi munthu wakhama, pamene mwiniwakeyo ankasangalatsa anthu ndi thukuta lawo. Anabwerera kunyumba osatsanzika.

Masiku ano nambala imafika bwinobwino ndipo anapiye akukula. Msewu uli zii. Kwa ometa anthu amangometetsa n'kumapita, palibe wochedwerako. Mayi sanawakhululukire a Netiweki, ndipo amanena poyera kuti sadzawakhululukira. Mawu owalalatira anawakonza kale, mawu akuthwa bwino, ndipo geti likangolira amadzuka nawo ali pakamwa. Koma wolowayo amakhala munthu wina, ndiye amangowameza n'kumupatsa moni.