Njinga Yopanda Katundu

Lolemba

Ndasankha. Loweruka ndikupita kudambo pa njinga!

Anti Nyagondwe, anamwino amene ndimawachapira zovala, ali ndi gulu la azimayi okwera njinga. Loweruka lililonse amadutsa pamsewu wathu kuno ku Machinjiri, zipewa zolimba kumutu, njinga zopanda keliyala, osanyamula kalikonse koma botolo la madzi. Ine ndimangowasuzumira pampanda. Lero ndikuyanika mashiti awo, iwo akuti, "Iwe, si paja kwanu kuli njinga? Loweruka tiye." Ndayankha kuti chabwino, maso ali pachingwe.

Njira andiuza, ndaisunga pamtima. Phula limathera pachigayo. Kenako msewu wadothi wa timiyala, kutsetsereka mpaka kumadimba, kuwoloka kamlatho ka mitengo, ndiye dambo. Kumapeto kwa dambolo mtsinje wathu umakathira mu mtsinje waukulu. Akuti pa mathiriro pamenepo pali mabango, akakowa, ndi bata. Palibe wokuitana.

Palibe wokuitana! Chibadwire sindinafikepo pamalo otero.

Njinga ndi ya achimwene amene ali ku Joni. Inali ya kabaza, ndiye kumbuyo ili ndi keliyala yaikulu. Zofunika:
- kupopa matayala
- mafuta patcheni
- buluku lovala mkati mwa chitenje
- nthochi

Chimene ndikufuna n'chimodzi: kupalasa njinga yopanda katundu, limodzi ndi anzanga, mpaka ndikaone ndi maso anga madzi akukumana.

Lachiwiri

Ndikupukuta masipoko limodzilimodzi ndi kansanza. Azakhali, amene ndimakhala nawo, aima pakhomo, manja m'chiuno. Munthu sungapukute njinga pakhomo pa eni osanena kumene ukupita. Ndanena. Motsitsa mawu.

"Kudambo? Ndiye udutsa pa alamu anga! Ukawapatsireko kashuga."

Kashuga kokha. Kakwana m'kachikwama, palibe angakaone. Si katundu ameneyu.

Madzulo azakhali awonjezera mchere, sopo, ndi nsapato za ana zimene zinathina. Akuti poti shuga akupita kale.

Ndayesera kupalasa kuseri kwa tchalitchi kumene kulibe anthu. Miyendo ikukumbukira. Buleki yakutsogolo ikulira ngati kamwana ka mbuzi, yakumbuyo ndi yaulesi. Ndizigwira zonse ziwiri, pang'onopang'ono.

Lachitatu

Azakhali apita kukatunga madzi pakiyosiki. Basi, nkhani yatha.

Sindimadziwa kuti anthu onse a mulaini yathu ali ndi abale kudambo. Mwambo wake ndimaudziwa: ukamapita kumene mnzako ali ndi m'bale, amakutuma, ndipo kukana ndi mwano. Koma ine sindikupita kwa munthu! Ndikupita kukaona madzi. Ndiwauza bwanji? Munthu wamkulu ndi mano ake, kupalasa njinga tsiku lonse kukaona madzi, madzi ali pakiyosiki?

Zafika lero:
- zigubu ziwiri zopanda kanthu za mai a Chisomo oyandikana nafe, zipite kwa mng'ono wawo
- keni yothirira kudimba
- wailesi yakufa, akuti kumeneko kuli munthu amene amaidziwa
- uthenga wapakamwa: "Ukawauze kuti zija zatheka." Zija ziti? Akuti akadziwa okha.

Aliyense akuti, "Sizolemera, mwanawe." Zoonadi. Chilichonse pachokha sicholemera.

Ndadula chubu chakale, ndapanga malegeni omangira. Ndamanga, ndamasula, ndamanganso kuti zigubu zisamagunde masipoko. Zamangika bwino kwambiri. Zikundiwawa kuti zamangika bwino.

Lachinayi

M'mawa ndikuyeserera pagalasi: "Pepani, malo atha." Mawu akutuluka bwinobwino. Ndayesanso ndi nkhope yolimba. Ndikuoneka ngati munthu wina, woopsa ndithu.

Odi pakhomo. Abambo Namakhwa, mkulu wa mpingo wathu, lata lili paphewa. Lata lenileni, lofolera nyumba! Akuti khitchini ya amayi awo iyenera kukonzedwa mvula isanabwere.

Ndatsegula pakamwa. Chatuluka n'chakuti, "Ikani apo, bambo."

Alikulunga ngati mphasa, alimanga ndi waya. Ndikaliika mopingasa likutseka kanjira konse. Ndikaliika motalika likundibaya msana.

Masana kumaganyu. Anti Nyagondwe andibwereka chipewa cholimba, chapinki. "Usanyamule zambiri, wamva? Madzi ndi nthochi basi. Msewu uja ndi wamabampu." Ndati eya. Ndikusita mayunifolomu awo, mtima uli palata. Pang'onong'ono ndiwotche kolala.

Pobwera ndapeza bakha m'bafa. Wamoyo! Miyendo yomanga. Azakhali akuti ndi wa agogo aNaphiri a kuseri kwathu, apite kwa mdzukulu wawo akaswane kumeneko poti kuli madzi.

Sindinasambe. Amandiyang'ana.

Lachisanu

Tsiku loyesera ndi katundu yense. Dongosolo lake: lata pansi, zigubu m'mbali, keni pahandulo, wailesi kumsana m'chitenje ngati mwana, bakha m'dengu pamwamba penipeni.

Kukwera kwake! Mwendo sukudutsa kumbuyo chifukwa cha lata. Ndaudutsitsa kutsogolo, chitenje chakola belu. Ndapalasa kuchoka pampanda wathu kufika pabenchi ya tomato. Lata likulira, zigubu zikuyankha, bakha akuvomereza. Akabaza a pasiteji aimirira, akuwomba m'manja.

"Sisteri, mwayamba liti geni? Mukalembetse kwa tcheyamani!"

Ndagwa. Pang'onopang'ono, mwaulemu, m'ngalande youma. Bondo lasupuka. Shuga ali bwino. Bakha ali bwino kuposa tonse.

Maganizo atsopano: kubweza zonse kwa eni ake. Ndayamba ndi zigubu poti n'zopepuka. Ndafika pakhomo pa mai a Chisomo, ndisanatsegule pakamwa akuti, "Mulungu akudalitse, mwanawe. Atsikana otumika ngati iwe anatha." Ndabwerera ndi zigubu zanga, ndi kathumba ka mbewu ya mpiru pamwamba.

Ndatopa ulendo usanayambe.

Loweruka

M'mawa. Azimayi asonkhana pachigayo, njinga zowonda ngati udzudzu. Ine ndatulukira pakona, phokoso latsogola. Onse acheuka. Anti Nyagondwe avula magalasi.

"Mwana wanga, ukusamuka?"

Wina wafunsa ngati angandijambule. Ndagwedeza mutu, sindikudziwa ngati ndavomera kapena ndakana. Wajambula.

Poyamba akundidikira. Ndi anthu abwino. Phula latha, timiyala tayamba. Njinga zawo zikuuluka, yanga ikunjenjemera mpaka mano akugundana. Pamtsetse mabuleki onse awiri akulira koma njinga siikumva. Ndatsika, ndikuigwira ngati ng'ombe yokana goli. Fumbi m'kamwa, fumbi m'makutu.

Khomo loyamba, alamu a azakhali. Sungapereke shuga uli panjinga. Kutsika, kugwada, moni, za kutauni, za msana wa azakhali, thobwa. Anti aima kumsewu, akuyang'ana wotchi.

"Utipeza kutsogolo, eti? Njira ndi imodzi."

Apita. Zipewa zikuchepa, zikuchepa, zalowa m'minda ya nzimbe.

Khomo la zigubu ndi keni: thobwa. Khomo la lata: amayi a abambo Namakhwa samva bwino, ndafotokoza mobwerezabwereza kuti sindine mkazi wachiwiri wa mwana wawo. Sanakhulupirire. Thobwa. Wokonza wailesi anasamukira ku Chirimba kalekale, ndiye wailesi ibwerera. "Zija zatheka": mayi wolandira uthengawo walira, kenako waseka, kenako wandipatsa maungu.

Apa m'pamene ndazindikira. Anthu akudambo nawonso ali ndi abale ku Machinjiri! Katundu akutsika, wina akukwera:
- nzimbe, mtolo
- mbatata
- maungu aja
- milamba yowamba
- mphasa yatsopano, yaitali kuposa lata

Kamlatho ka mitengo ndawoloka dzuwa litapendeka, mimba ili thobwa lokhalokha. Njira yalowa m'dambo. Dothi lakuda, lofewa, matayala akumira, fungo la matope, achule. Kunena zoona nkokongola, ndikanakhala ndi dzanja lopukutira thukuta m'maso. Patali ndikuona mabango ndi tinthu toyera. Akakowa kapena majumbo, sindikudziwa.

Pomwepo ndakumana ndi azimayi aja akubwerera, matope m'miyendo, akuseka.

"Wachedwa pang'ono! Ndiye kukongola kwake, iwe! Tiye tibwerere, kungakudere."

Khomo lomaliza lili pomwepo m'mbali mwa khwawa. Mdzukulu wa agogo aNaphiri wamasula bakha. Bakha wadziwongola, walowa m'madzi, wayandama kulunjika kumabango, osacheuka n'komwe. Iyeyo ndiye akafika.

Kubwerera ndi chitunda chokhachokha. Ndakankha.

Lamulungu

Miyendo si yanga. Kutchalitchi ndakhala kumbuyo, poimba ndalephera kudzuka. Pa zolengeza abambo Namakhwa andithokoza ndi dzina langa lonse, mpingo wonse wacheuka. Bola kugwa m'ngalande.

Masana ndikugawa katundu khomo ndi khomo, motsimphina. Nzimbe, mbatata, milamba, mphasa, zonse zafika kwa eni ake, palibe chasowa. Mwini wailesi akuti ndiisunge kaye, mwina tsiku lina ndidzadutsa ku Chirimba.

Anti Nyagondwe abwera kudzaona bondo langa. Alipaka mankhwala owawa, kenako atulutsa foni, andionetsa mathiriro aja. Madzi ofiira akukumana ndi madzi akuda, pakati pali mzere. Kachithunzi kakang'ono, chala chawo chaphimba ngodya imodzi. Ndayang'ana mpaka foni yazima yokha.

Akuti chipewa ndisunge. "Ulendo wotsatira tikupita ku Chiradzulu, msewu wadothi wabwino kwambiri. Ubwere iwe ndi njinga basi!"

Anena mokweza. Anamwino amalankhula mokweza. Azakhali ali pakhonde akusankha nyemba, ndipo dzanja lawo laima m'lichero.

Theka la laini yathu kwawo ndi ku Chiradzulu.

Chipewa ndasunga. Ndingopempha kuti pasakhale mbuzi.