Mikwingwirima ya paphewa langa

Pali chinthu chimene amuna anga, bambo a Tadala, sakuchidziwa mpaka lero. Ndikulemba mtima uli phaphapha, poti iwo amawerenga chilichonse chogwera m'foni mwawo.

Tadala atakwanitsa miyezi isanu ndi itatu, phewa langa lamanja linayamba kuwawa mpaka kutsikira kumsana. Mwanayu ndi wolemera, ndiye kumubereka, chidebe pamutu, kukwera chitunda chochokera kumjigo, phewa linangokana basi. Ine ndi munthu wamantha. Nditafufuza pa foni, pofika masana ndinali nditadzipeza ndi matenda anayi oopsa (satifiketi yanga ndi ya zaulembi, osati udokotala, koma zimenezo sizinandiletse).

Kuwauza amayi anga sindikanayerekeza. Timakhala pakhomo pawo ku Midzemba, amuna anga ndi akamwini, ndipo nyimbo ya amayi ndimaidziwa: "Ine ndinabereka ana asanu ndi awiri khasu lili m'manja. Inu a satifiketi mwana mmodzi yemweyu mwayamba kale kubuula?"

Mnzanga wina, namwino wochokera ku Rumphi, anandiuza za chipatala china ku Blantyre chomwe chili ndi makina ogogoda minyewa ndi mafunde amphamvu, akuti shokowevu. Amayi ndinawanamiza kuti ndikukasiya makalata ofunsira ntchito. Amuna anga ndinawalumbiritsa: "Zivute zitani, musanene."

"Ndalumbira, amake Tadala," anatero akuseka.

Kuchipatalako mayi wina anandipaka mankhwala ozizira paphewa n'kukhazikapo kachipangizo. Ta-ta-ta-ta, ngati kachigayo! Ndinakuwa mpaka mlonda anasuzumira.

"Mayi, apa ndangoyamba pang'onopang'ono," anatero mayiyo.

Titamaliza anandichenjeza kuti pamalopo pakhoza kuda kwa masiku angapo, ndiponso ndisanyamule zolemera. Ndinavomera, ngati kuti kwathu madzi amadzitunga okha.

M'mawa mwake amayi akundiberekesa Tadala, bulauzi inatsetsereka. Anaona mikwingwirima itada bii paphewa langa.

"Ichi n'chiyani?"

"Ndinagundika pachitseko."

Mwa mabodza onse a padziko, ine ndinasankha limenelo! Amayi anapukusa mutu. "Chitseko chimenecho ndikuchidziwa, chimavala buluku." Anandilanda mwana, anandilanda chidebe. "Iwe khala pamkeka apo, mwananga."

Tsopano nachi chimene ndakhala ndikubisa. Pomwepo ndinadziwa zomwe amayi akuganiza. Ndinatsegula pakamwa kuti ndiwongole, koma ndinawaona akutsetsereka kupita kumjigo, Tadala ali kumsana kwawo, ine nditatambalala pamkeka. Ndinatseka pakamwa. Ndinati mawa ndinena.

Mawalo anandiphikira phala la mtedza. Linzakelo anandichapira matewera. Masiku atatu, abale, phewa langa likupuma ngati bwana.

Amuna anga anadabwa. "Kodi amake Tadala, ndalakwanji? Ndikapereka moni amayi akumayang'ana mbuzi."

"Mwina ndi bipi yawo ija," ndinatero ine, wopemphera Lamulungu lililonse.

Loweruka tinangoona amalume anga, omwe ndi ankhoswe athu, akutsika panjinga, pambuyo pawo achimwene a amuna anga ochokera ku Magaleta. Mipando inaikidwa pansi pa mtengo wa mango.

"Akamwini," anayamba amalume, "mwanayu tinakupatsani kuti mumusunge, osati muzimupuntha ngati nyemba."

Amuna anga anandiyang'ana, ine ndikuyang'ana nyerere. Kenako munthu wosunga lumbiro uja anati, "Sindinamumenye, amalume. Koma chomwe chinachitika sindinganene."

"Eti simunganene? Ndiye kalongedzeni, mukakumbukire kwanu."

Achimwene a amuna anga anavula chipewa n'kuweramira pansi. Apo mpamene miyendo yanga inadzuka yokha. Ndinathamangira m'nyumba, ndinatulutsa kakhadi ka kuchipatala komwe ndinabisa m'thumba la matewera, ndipo ndinaulula za makina aja ndikulira.

Amalume anatembenuza kakhadiko kawiri. "Ndiye iwe unakwera minibasi, kudutsa pa Zalewa, kupita kukamenyedwa dala?"

Onse anaseka kupatula amayi. Iwo anapita kukagwira tambala woti aphikire akamwini awo, kupepesa kwawo n'komweko. Akumusosola anandikodola n'kunong'ona, "Makina akowo, bondo amagogodanso?"

Phewa lili bwinoko tsopano. Kaya ndi makina, omwe ndinabwererako kawiri, kaya ndi masiku atatu a pamkeka aja, sindikudziwa. Koma bambo a Tadala amakhulupirira kuti nanenso nkhani ya kumenyedwayo ndinaimva Loweruka lomwelo, ndipo amauza anzawo kuti mkazi wawo anawapulumutsa. Akamatero ndimangowonjezera shuga m'tiyi wawo.

Inu amene mwabereka mwana kumsana pokwera chitunda, ndiuzeni: ndinalakwa kwambiri? Ndipo ndiwauze ndekha, kapena ndingodikira awerenge?